Madzi saiwala khwawa

Adzukulu anga, mwambi uwu timaunena munthu akabwerera ku khalidwe lake lakale. Lero ndikufuna tiumve monga momwe mawu ake alili, chifukwa nkhani ya madamu yafika ponseponse.

Mvula yogwa pamapiri a m'malire muno mu Mchinji imagawikana pawiri. Ina imatsikira mu Bua, n'kukalowa m'nyanja ku Nkhotakota, kenako mu Shire. Ina imalowera ku Chipata, n'kukathira mu Luangwa. Madzi onsewo amakakumananso mu Zambezi, ku Mozambique. Achewa nafenso tili chimodzimodzi: timakhala m'mayiko atatu, koma mu Ogasiti timakakumana ku Mkaika pa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi. Choncho wotseka mtsinje kumtunda amagwira mphika wa mbale wake wakumunsi.

Magetsi ndimawafuna, ndipo mwana wowerenga ndi koloboyi ndimamumvera chisoni. Koma mtsinje umakhala ndi moyo chifukwa cha kusefukira kwake. Madzi a dzinja akadzaza madambo amasiya nthaka yachonde ya madimba, ndipo nsomba zimapeza poswerana. Damu limasunga madziwo n'kumawatulutsa potsata zofuna za makina, osati nyengo. Chitsekereni Zambezi pa Cahora Bassa mu 1974, madambo a kumathiriro kwa mtsinjewo sanyowanso monga kale, ndipo asodzi ndi alimi akumeneko ndiwo analipira mtengo wake. Pa Kariba, m'ma 1950, Atonga okwana 57,000 anasamutsidwa, manda a makolo awo n'kumira. Inu odziwa mwambo, taganizani: nsembe mukathira pati, kachisi ali pansi pa nyanja?

N'chifukwa chake ndinakondwa mu 2019 pamene boma la Zambia linaimitsa ganizo lomanga damu pa Ndevu Gorge, pa Luangwa, anthu pafupifupi 200,000 atasayina kalata yokana. Mvuu, ng'ona ndi njovu za m'chigwa chija zinapuma. Koma ku Tete nkhani ya Mphanda Nkuwa, damu la mamegawati 1,500 kumunsi kwa Cahora Bassa, inapita patsogolo mu 2023, boma la Mozambique litasayinirana pangano ndi EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo.

Tisaloze ena chala tokha. Bua wathuyu ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene mpasa zimakwerabe kuchokera m'nyanja kukaikira mazira, ndipo nayenso amatchulidwa pa malo oyenera magetsi. Khoma limodzi likaima panjira yake, mpasa ikafika pamenepo n'kubwerera ndi mazira m'mimba. Ifenso tikamadula mitengo ndi kulima mpaka m'mphepete mwa Bua ndi Rusa, timatumiza matope okwirira miyala imene nsombayo imaswerapo.

Kwathu mlandu wa malire a munda suweruzidwa mwini munda winayo palibe. Ndikupempha kuti damu lililonse lisanavomerezedwe, mafumu ndi asodzi a kumunsi, ngakhale a dziko lina, aitanidwe pabwalo, amve m'chinenero chawo madzi amene adzatsale, ndi mwezi umene adzatulutsidwe.