Mphenzi yozizira yotsukira mbewu

Chaka ndi chaka, mvula yobzalira ikagwa m'Novembala, alimi a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amathamangira kumunda ndi mbewu zawo. Pakatha sabata imodzi, ena amakondwa poona mizere itabiriwira, pamene ena amangopukusa mutu poona mapando ambiri ali opanda kanthu. Mlimi wotere amabzalanso mochedwa, ndipo chimanga chochedwa sichidzaza nkhokwe. Kawirikawiri mlandu sukhala wa mvula kapena wa nthaka ayi, koma wa mbewu yeniyeniyo. Ina inagwidwa chuku isanabzalidwe, ina inachedwa kumwa madzi mpaka kuwolera pansi.

Vuto limeneli si la kuno kokha. Ndiye chifukwa chake kuyambira zaka za m'ma 1990, akatswiri a zaulimi m'maiko akutali akhala akuyesa kutsuka mbewu ndi chinthu chotchedwa plasma yozizira. Amodzi mwa malo odziwika pa ntchitoyi ndi nyumba ya kafukufuku ya INP mu mzinda wa Greifswald ku Germany. Mbiri ya njirayi ikufalikira, tsono ndi bwino kuti mlimi adziwe zimene imatha ndi zimene siingathe.

Kodi plasma n'chiyani?

Aliyense amadziwa kuti matalala akasungunuka amakhala madzi, ndipo madzi akawira amasanduka nthunzi. Tsono mpweya ukapatsidwa mphamvu yoposa pamenepo, monga magetsi aukali kwambiri, tizidutswa take tosaoneka ndi maso timang'ambika, ndipo mpweyawo umayamba kuwala ndi kuyendetsa magetsi. Imeneyo ndiyo plasma. Anaitcha dzinali ndi katswiri wa ku America, Irving Langmuir, m'chaka cha 1928.

Dzuwa ndi plasma. Mphenzi imene imang'amba mtengo nayonso ndi plasma. Zimenezi n'zotentha koopsa. Koma ilipo ina yosaotcha, monga imene imawala m'kati mwa nyali zazitali zoyera za m'masitolo a pa Ulongue. Munthu akhoza kukhudza nyali yotere osapsa. Plasma ya mtundu umenewu ndiyo imagwiritsidwa ntchito pa mbewu, pakuti moto weniweni ukanapha kamoyo kamene kali m'kati mwa njere.

Kachitidwe kake n'kotere. Mbewu zouma zimayalidwa pakati pa zitsulo ziwiri. Akayatsa magetsi a mavoliti zikwizikwi, mpweya wa pakati pa zitsulozo umawala ngati maluwa a jakaranda. Mbewu zimakhala mmenemo kwa masekondi kapena mphindi zowerengeka, kenako zimatulutsidwa zili zouma ndithu, zooneka monga momwe zinalowera.

Zabwino zake

Chabwino choyamba chili pa khungu la njere. Mlimi amene anafesapo msangu amadziwa kuti njere zake sizimera msanga pokhapokha atazicheka pang'ono kuti madzi alowe. Enanso amanyika chimanga m'madzi usiku wonse asanabzale. Plasma imagwira ntchito yofanana nayo: imakanda khungu la njere mochepa kwambiri, ndipo khungulo limayamba kukoka madzi m'malo mowakana. Pa mayeso a tirigu, soya, nyemba ndi mbewu zina, akatswiri ambiri apeza kuti njere zotere zimamera msanga ndi pamodzi, ndipo mizu imatalika bwino. Kumene mvula imagwa masiku awiri n'kudula, kumera msanga si nkhani yaing'ono.

Chachiwiri ndi kupha chuku. M'kuwala kuja mumapangika mpweya wina waukali, monga ozoni, umene umapha chuku ndi tizilombo tina tosaoneka tokhala pa khungu la njere. Mpweyawu sukhalitsa. Ukatha ntchito umazimirira osasiya mankhwala pa mbewu.

Apa ndipo pali kusiyana kwakukulu ndi mbewu za m'mapaketi zopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira. Utoto umenewo ndi chenjezo lakuti njere zili ndi mankhwala akupha. Dziko la Iraq linaona zoopsa chifukwa cha mbewu zotere. Mu 1971 boma la kumeneko linagula kunja tirigu wa mbewu wopakidwa mankhwala a mercury. Tiriguyo anafika kumidzi yambiri nthawi yobzala itatha, ndipo mawu a chenjezo pa matumba anali m'zinenero zachilendo. Anthu anatsuka utoto uja, nagaya tiriguyo, n'kuphika buledi. Pofika mu 1972 anthu oposa 6,000 anali atagonekedwa m'zipatala, ndipo 459 anafera momwemo. Mankhwala a mbewu a masiku ano si a mercury, komabe ndi poizoni. Ngakhale njala ilume bwanji m'Febuluwale, mbewu ya utoto siipita kuchigayo, siipatsidwanso nkhuku. Kutsuka ndi madzi kumachotsa utoto, osati poizoni.

Zimene siingathe

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Plasma imagwira kunja kwa njere. Chuku chimene chalowa kale m'kati sichifikiridwa bwino, ndipo njere imene nankafumbwe wadya mtima wake yafa basi. Palibe magetsi amene angaidzutse.

Ndiponso popeza siisiya mankhwala, siiteteza mbewu kwa matenda ndi tizilombo timene ikakumane nato m'nthaka. Pamenepa mankhwala opaka aja akadali patsogolo.

Muyeso wake ndi wovuta. Nthawi ikachepa palibe chimene chimasintha, ikapitirira mbewu imaonongeka n'kumera moipa kuposa yosatsukidwa. Muyeso wa nyemba si wa chimanga, ndipo ngakhale mitundu iwiri ya nyemba imasiyana. Zambiri zimene zapezeka ndi za m'nyumba zoyesera ndi m'timinda tating'ono. Kumera bwino m'mbale ya katswiri sikutanthauza kuti matumba achuluka pokolola.

Plasma siisinthanso mtundu wa mbewu. Chimanga cha makolo chikhalabe cha makolo, ndipo cha haibulidi chobwerezedwa chipitirirabe kufooka. Siilowanso m'malo mwa manyowa, feteleza kapena khasu lopalira.

Chomaliza, makina ake amafuna magetsi ndi munthu wophunzira kuwayendetsa. Damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwechino cha Tete, koma midzi yambiri ya m'malire ilibe mawaya. Ngati njirayi idzafika kuno, idzayambira ku makampani a mbewu kapena ku mabungwe a alimi, osati pakhonde la munthu mmodzi. Choncho wamalonda akabwera pamsika ndi thumba, nanena kuti mbewu yake ndi yodula chifukwa inadutsa m'magetsi, mlimi wanzeru asafulumire kutulutsa ndalama. Ayambe wafunsa mlangizi wa zaulimi, pakuti ndi maso palibe angasiyanitse njere yotsukidwa ndi yosatsukidwa.

Chimene chili m'manja mwa mlimi

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimene akatswiri akufuna ndi makina awo, kuti mbewu ikhale yoyera ndi yomera pamodzi, mlimi angathe kuziyandikira ndi manja ake. Mbewu isankhidwe ikadali m'munda, kuchokera ku mapesi athanzi ndi zisononkho zokwiririka bwino. Njere za kumutu ndi kunsonga zipite kumphale, zapakati zisungidwe. Ziume kufikira kuthetheka pozitafuna, ndipo zikhale pamalo ouma, kutali ndi chinyezi cha pansi.

Kutatsala masabata awiri kuti abzale, mlimi awerenge njere 100, aziyale pa chiguduli chonyowa, apinde, n'kumawaza madzi tsiku lililonse. Pakatha masiku 7 awerenge zimene zamera. Zikaposa 80, mbewuyo ndi yodalirika. Zikachepa kwambiri, nthawi ikadalipo yofuna ina kwa mnansi kapena kusitolo, mvula isanagwe. Mayeso amenewa safuna magetsi kapena ndalama, ndipo mwana wa sukulu wodziwa kuwerenga mpaka 100 akhoza kuwachitira agogo ake sabata ino.