Za Maphunziro: Cingerezi Naco Ciri ndi Zining'a

Teremu ikatha ana a sukulu amabwera kunyumba ndi malipoti ao, ndipo pa malipoti ena mphunzitsi amalemba kuti "Pull up your socks." Mwana akamasulira liu ndi liu, amauza atate ake kuti aphunzitsi akudandaula za masokosi. Koma mphunzitsiyo sanali kunena za miyendo ya mwana ai. Iye akucenjeza kuti mwanayo wafooka m'kalasi, ndipo akapanda kulimbikira adzalephera mayeso.

Mu 1966 boma la Zambia linalamula kuti ana aziphunzitsidwa m'Cingerezi kuyambira Giredi 1. Malamulo a maphunziro asintha kangapo cicokere caka cimeneco, koma mayeso ambiri amalembedwabe m'Cingerezi. Motero nkhani iyi ikhudza banja liri lonse.

Makolo asadabwe nazo zimenezi, pakuti Cinyanja naco ciri ndi zining'a zace. Munthu akati "anditsina khutu" palibe amene amafunsa ngati khutulo likupweteka. Onse adziwa kuti wauzidwa cinsinsi comucenjeza. Angerezi nao akati "It is raining cats and dogs" anena mvula yamphamvu cabe, amphaka ndi agalu mulibemo. Koma mwana adziwenso malo oyenera cining'a ciri conse. "Kick the bucket" ndiko kumwalira, koma ndi mau anthabwala, ndipo wowalemba m'kalata ya maliro acititsa manyazi banja lonse.

Pa kufanizira zinthu napo pali msampha. Mnyanja akati nsaru yayera mbee, kapena mphika wada bii, wamaliza. Mngerezi alibe mau otere ambiri, cotero amafanizira kuti "as white as snow," ndipo mwana wa ku Katete kapena ku Chadiza ayenera kuloweza dzina la cinthu cimene sanacionepo cikugwa.

Galamala nayo imagwetsa ana pa tinthu tating'ono. Liu lakuti "iye" limaimira mwamuna ndi mkazi yemwe, koma Cingerezi cimalekanitsa "he" ndi "she," ndipo mwana wosasamala amasandutsa amace mwamuna pa pepala la mayeso. Cimodzimodzi ndi kubwereka. Mwana wofuna pensulo kwa mnzace amati "ndibwereke," ndipo potembenuza amalemba "borrow me." Mphunzitsi adzadula pamenepo ndi inki yofiira, cifukwa wopereka ndiye amacita "lend," wolandira amacita "borrow."