Gemu ya Windows Ili M'foni: Tiyeni Timasule Phukusilo

Patchuthi chapitachi tinapeza anyamata asanu ataunjikana pakhonde la sitolo pa Ngabu, mitu pamodzi ngati akugawana nyama. Pakati pawo panali foni imodzi ya Android, ndipo m'fonimo galimoto inali paliwiro kuthawa apolisi. Inali Need for Speed: Most Wanted ya 2005, mtundu wake wa pakompyuta ya Windows. Mwini foniyo sanagwirepo laputopu chibadwire. Anangopita kwa mnyamata wobena nyimbo pamsika, nalipira kangachepe, ndipo uja anamuthirira phukusi lokonzeratu n'kumuuza kuti, "Ukangodina apa, basi."

Titamufunsa kuti gemu ya Windows ikuyenda bwanji m'foni yopanda Windows, anangoseka. Sanadziwe, ndipo kunena zoona nafenso sitinadziwe kufikira titafufuza. Maganizo athu ngati aphunzitsi a mawa ndi akuti mapukusi amenewa asaletsedwe, koma amasulidwe pamaso pa ana kuti aone zamkati. Ali ndi phunziro lalikulu, komanso ali ndi zoopsa zimene mwana sangazione ngati angozolowera kudina.

Aliyense wa ku Nsanje kapena ku Chikwawa amamudziwa womasulira. Mlendo akabwera pamsonkhano n'kumalankhula Chingerezi, wina amaima pambali pake kutembenuza mawu kuti agogo amve m'Chisena kapena m'Chimang'anja. Pulogalamu yotchedwa Wine imagwira ntchito yomweyo. Gemu ya Windows ikafuna kutsegula fayilo, kuliza mawu kapena kujambula chithunzi, imapempha m'chilankhulo cha Windows. Wine amamva pempholo n'kulinena m'chilankhulo chimene Linux, Mac kapena Android angamve. Gemuyo imapitiriza kuganiza kuti ili kwawo. (Abale ndi alongo musadzidzimuke ndi dzinali, mulibe dontho la vinyo, ndi chidule cha mawu otanthauza kuti pulogalamuyi si emulator.) Ntchitoyi inayamba mu 1993, ndipo Alexandre Julliard wakhala akuitsogolera kuyambira 1994. Panapita zaka 15 kuti atulutse Wine 1.0 mu 2008. Anthu ambiri ongodzipereka anathera zaka zawo pa ntchito imene lero mwana wa pa Bangula akuigwiritsa ntchito osalipira kalikonse.

M'foni omasulira amakhala angapo. Ubongo wa kompyuta zambiri ndi wa mtundu wa x86, pomwe wa foni ndi wa ARM, choncho pamafunika wina, Box64, wotembenuza malamulo a ubongo winawo. Zithunzi za gemu nazo zimadutsa mwa wachitatu, DXVK, amene amatembenuza Direct3D kukhala Vulkan. Pulogalamu ya Winlator imamanga onsewa pamodzi. Kampani ya Valve inachita zofanana ndi Proton mu 2018, ndipo kamakina kawo ka Steam Deck ka 2022 kamayendetsa magemu a Windows pa Linux m'njira yomweyi. A Mac ali ndi zawo monga Wineskin ndi Porting Kit.

Vuto la omasulirawa ndi lakuti gemu iliyonse imafuna kuikidwa mwa mtundu wake. Ina imafuna chithunzi chichepetsedwe, ina imafuna mtundu wakale wa DXVK, ina imangoonetsa mdima ukalakwitsa kanthu kamodzi. N'chifukwa chake anthu amapanga mapukusi okonzeratu: wina anavutika kale, anapeza zoyenera, n'kumanga gemu ndi omasulira ake m'mtolo umodzi. Kwa munthu amene bandulo yake ya intaneti ndi ya tsiku limodzi, chimenechi n'chithandizo chenicheni, ndipo sitikuchinyoza.

Komabe mtolo womanga wina sudziwa chimene waikamo. Wine satchinga mavayirasi. Pulogalamu yoipa ya Windows imamasuliridwa mokhulupirika ngati yabwino, ndipo imatha kufika m'mafayilo amene phukusilo lawatsegulira. Mu 2025 munapezeka vayirasi m'kafayilo koyesera zithunzi mkati mwa Winlator weniweni, mpaka mwini wake anatulutsa ina yokonzedwa. Ngati zinachitika kugwero, nanga bwanji kope limene ladutsa m'mamemori khadi khumi kuchokera ku Blantyre mpaka pa Nchalo, aliyense akuwonjezera zake? Choopsa kwambiri ndi pulogalamu ya Android yosinthidwa imene poikidwa imapempha chilolezo chowerenga mauthenga. Gemu ya magalimoto ilibe chochita ndi mauthenga. Ndipo foni imene mwana akuseweretsayo nthawi zambiri ndi ya amayi, momwe muli Airtel Money kapena Mpamba, momwe mumalowa ndalama ya thonje ndi ya achimwene a ku Johannesburg. Mwana amene anaphunzira kudina "Allow" osawerenga angathe kutayitsa fizi ya teremu yonse.

Palinso kutentha, kumene ife akuchigwa sitifunika kuuzidwa. Mu Okutobala ndi Novembala kumaposa madigiri 40. Omasulira atatu akamagwira ntchito nthawi imodzi, foni imatentha ngati nsima ya pamoto, ndipo batire la lithium silikondana ndi kutentha: limafooka msanga, mwinanso kutupa. Tinaona mnyamata wina akusewera foni ili pachaja, ataiika pansalu yonyowa. Sangadikire, chifukwa magetsi sadziwika kuti abwera liti. Tonse tikukumbukira mdima umene unatsatira namondwe Ana mu Januwale 2022, ataononga malo opangira magetsi a Kapichira m'boma la Chikwawa lomweli n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130. Phukusi limene anakonza munthu wa kudziko lozizira, wa foni yodula, silinaganizire za Nsanje. Amene amadziwa kutsitsa chithunzi kufika pa 800x600 ndi kuchepetsa liwiro la gemu amapulumutsa batire lake. Wongodina sadziwa n'komwe kuti zimenezi zilipo.

Nkhani ina timakonda kuizemba. Wine ndi waulere ndipo ndi wololedwa, koma gemu imene ili m'phukusimo kawirikawiri siinagulidwe. Ife amene tinaphunzira kusukulu za mpingo sitingaphunzitse ana kuti kubera mayeso n'kulakwa kenako n'kumawagawira magemu akuba. Magemu aulere enieni alipo, monga SuperTuxKart ndi 0 A.D., ndipo ali ndi mitundu yake ya Windows imene tingayeserepo.

Makolo ena ndi akulu ampingo anganene kuti zonsezi n'kutaya nthawi, ndipo njira yachidule n'kulanda foni. Tikuwamvetsa. Pali magemu achiwawa amene sitingafune mng'ono wathu awaone, ndipo mwana wa Fomu 4 wosewera mpaka usiku akudzipweteka yekha. Koma kulanda foni sikuchotsa wobena uja pamsika. Ndipo taganizani za iyeyo: amadziwa kusiyana kwa x86 ndi ARM, amadziwa dalaiva wa zithunzi woyenera foni ya Snapdragon, amayesa, kulephera, n'kuyesanso. Zambiri mwa izi ndi zimene phunziro la Computer Studies limafuna mwana amvetse, chonsecho iye anaziphunzira pakhonde, pomwe ena a ife tinaloweza tanthauzo la operating system pabolodi osaona n'kamodzi komwe kuti limachita chiyani.

Tikadzapita kokayesera kuphunzitsa, tikufuna kudzayamba ndi Winlator wopanda kanthu, wotengedwa kugwero lake, ndi gemu imodzi yaulere. Ana adzaiike okha. Ikakana, adzalembe m'kope chimene asintha ndi chimene chachitika, kusintha chinthu chimodzi nthawi iliyonse monga timachitira mu Physics. Gulu lina lidzawerenge mokweza zilolezo zimene pulogalamu ikupempha n'kunena kuti chilichonse n'cha ntchito yanji. Gulu lina lidzagwire wotchi n'kuona kuti batire latsika bwanji m'mphindi khumi pachithunzi chachikulu ndi pachaching'ono. Kusukulu kumene kuli makompyuta akale a Linux, luso lomweli lingatsegule mapulogalamu ophunzitsira a Windows amene angokhala m'kabati ya ahedi. Ngati ahedi adzalole, wobena wa pamsika uja tidzamuitana tsiku limodzi kuti adzaime kutsogolo, ana adzamufunse chimene amaika m'mapukusi ake.