Musanatumize kontena ku America, pali pepala lomwe liyenera kutsogola

Masiku ano pa Facebook ndi TikTok aliyense ali ndi kasitomala wa ku America. Wina akuti akufuna zosemasema, wina makadamiya, wina tiyi wa ku Thyolo. Zabwino ndithu. Koma m'makomenti ndimangoona anthu akuwerengera mtengo wa thiraki yopita ku Beira kapena Nacala, palibe wotchula ISF.

ISF, kapena kuti Importer Security Filing, ena amati "10+2", ndi lamulo lomwe linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2009, potsatira SAFE Port Act ya 2006, pomwe America inkakhwimitsa chitetezo m'madoko ake. Limati bungwe la U.S. Customs and Border Protection liuzidwe za katundu maola osachepera 24 kontena isanakwezedwe m'sitima yopita kumeneko. Osati ikafika, ayi. Isanakwere n'komwe. Mukachedwa kapena kulemba zolakwika, chindapusa chake ndi $5,000, ndipo kontena ikhoza kugwidwa padoko, ndalama zosungira zikungokwera.

Mwina mukuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji, poti wolemba ndi wogulayo?" Zoona, udindo ndi wa woitanitsa katundu. Koma pa mfundo 10 zomwe iye amapereka (ziwiri zinazo amapereka eni sitima), zambiri amazimva kwa inu: dzina ndi adiresi ya wogulitsa, wopanga katunduyo, dziko lomwe wapangidwa, malo omwe kontena inapakiridwa ndi yemwe anaipakira. Nambala ya mtundu wa katundu, ya manambala osachepera 6, amaipezanso potengera mmene mwamufotokozera katunduyo.

Apa ndi pomwe bizinesi yathu ya pa WhatsApp imagwa chagada. Adiresi yoti "kuseri kwa msika, mufunse" kulibe kumeneko. Ndipo poti tilibe nyanja yamchere, nkosavuta kusokoneza: katundu wopangidwa ku Malawi dziko lake ndi Malawi, ngakhale akwerere ku Beira. Ngati kontena munaipakira ku Kanengo, lembani Kanengo.

Ine ndikuona kuti chindapusacho si chachikulu kwa kampani yaikulu ya fodya yokhala ndi maejenti ake. Kwa wogula wamng'ono, mwina m'bale wathu yemwe ali ndi kashopu ku Indiana, $5,000 ingathe kudya phindu lonse, ndiye oda yachiwiri musaiyembekezere.

Lamuloli ndi la katundu wa pasitima basi, waphukusi la pandege sizikumukhudza. Koma oganiza zothawira ku Ulaya, kumenekonso EU ili ndi yake, ICS2, yomwe inafika ku katundu wa panyanja mu 2024.