Anyamata a m'vidiyo sadali zitsiru

Mpaka lero anthu sakumvana pa nkhani ya Rambo III. Filimuyi idatuluka mu May 1988 itadya ndalama zoposa madola 50 miliyoni, koma olemba za kanema ku Amereka adainyoza kwabasi. A Sylvester Stallone adapatsidwa mphoto yachipongwe ya Razzie, ati palibe adasewera moipa kuposa iwo chaka chimenecho.

Abale athu amene adaphunzira ku Moscow amati ndi bodza la Amereka basi. Sakunama kwenikweni. Rambo akuthandiza zigawenga za mujahideen kupha asilikali a Soviet Union ku Afghanistan, chonsecho mwezi womwewo asilikaliwo adali atayamba kubwerera kwawo.

Koma kodi inu mudakhalako pa benchi m'nyumba ya vidiyo ku Ndirande? Anyamata aja za Afghanistan adalibe nazo ntchito, Chingerezi chomwe ankangotolako apo ndi apo. Iwo ankaona munthu wopita kukatulutsa mnzake, Colonel Trautman, m'ndende momwe ankazunzidwa, boma lake litamuuziratu kuti akagwidwa silimudziwa. Apa mpamene ankaimba mluzu.

Ine ndili mbali ya anyamatawo, ngakhale zoti kasinja nkugundana ndi helikopita zimandiseketsabe.