Wenzulo ikalakwa, chindapusa chimagwera wodandaula

Tatopa nawo oimbira mpira a mu NBA, koma amene atitopetsa kwambiri ndi mabwana awo. Ife ndife anthu wamba, okonda basketball basi. Masewero a ku America amayamba kuno kuli pakati pa usiku, ena m'bandakucha, ndiye timadula tulo, kugula bandulo, kuyang'anitsitsa pafoni kapena pa kanema, m'mawa n'kulawirira kuntchito maso ali psuu. Sitipempha zambiri. Timu yathu ikagonja, igonje poti anzawo aiposa luso. Koma n'kangati tazimitsa foni mtima ukuwawa chifukwa cha munthu wa wenzulo?

Tikumbutsane za pa 28 Januwale 2023 ku Boston. Los Angeles Lakers ndi Boston Celtics anali 105 kwa 105, kutatsala masekondi owerengeka. LeBron James analowa ndi mpira kulunjika pa ringi, Jayson Tatum n'kumumenya pamkono, poyera, dziko lonse likuona. Wenzulo sinalire. LeBron anadumphadumpha, kugwira mutu, mpaka kugwada pansi. Mnzake Patrick Beverley anatenga kamera ya wojambula zithunzi m'mbali mwa bwalo, n'kupita nayo kwa woimbira Eric Lewis kuti adzionere yekha. Zomwe anapeza kumeneko ndi chilango cha technical foul. Celtics anapambana 125 kwa 121 m'nthawi yowonjezera. Masewero atatha oimbirawo anavomera kuti faulo inalipo, ndipo bungwe lawo linalemba kuti zinawapweteka mtima. Chabwino, tamva. Nanga ma free throw awiri aja LeBron anaponya liti?

Kuyambira mu 2015 NBA imatulutsa lipoti la mphindi ziwiri zomaliza pa masewero amene zigoli zinali zothinana. Mawa lake amalemba mzere ndi mzere kuti apa refu anakhoza, apa anaphonya, apa anaimba pasali faulo. Zili ngati mfumu yoweruza mlandu wa mbuzi, n'kudzanena mawa lake kuti inalakwitsa, nyama itadyedwa kale, chikopa chili padzuwa. Timawerenga malipotiwo, mkwiyo n'kuyambiranso. Ndipo mphindi 46 zinazo bwanji? Kodi faulo yabodza imene yakhazika pansi wosewera wodalirika m'chigawo chachiwiri siipha timu?

Chomwe chimatiwawa kwenikweni ndi zimene zimagwera munthu amene watsegula pakamwa. Mu Malichi 2023, Fred VanVleet, pa nthawiyo ali ku Toronto Raptors, anakhala pamaso pa atolankhani n'kutchula dzina la woimbira Ben Taylor, kunena kuti waononga masewero ndiponso kuti ma technical ake ambiri chaka chimenecho anadza pamene Taylor ankaimbira. Ananeneratu yekha kuti akudziwa alipitsidwa. Analipadi madola 30,000. Mu Januwale 2024 mphunzitsi wa Raptors yomweyo, Darko Rajaković, anamenya tebulo ndi mkwiyo timu yake itagonja 132 kwa 131 ku Los Angeles. M'chigawo chomaliza chokha, Lakers anaponya ma free throw 23, Raptors 2 okha. Bamboyo anafunsa kuti ngati zinakonzedwa kale kuti Lakers apambane, bwanji osawauziratu kuti asadzivute n'kubwera. Chindapusa chake madola 25,000. Onani kuti ku Boston olira anali a Lakers, kuno odandaulidwa ndi a Lakers omwewo. Vutoli silisankha timu, lero kwa anzako, mawa kwa iwe.

Nkhaniyi ndi yakale. Mark Cuban, yemwe anali mwini wa Dallas Mavericks kwa zaka zambiri, anapatsidwa chindapusa cha madola 500,000 mu 2002 ponena kuti mkulu wa oimbira, Ed Rush, sangamulembe ntchito ngakhale yoyang'anira sitolo ya Dairy Queen. Mu 2006 analipanso 250,000 pa ndime yomaliza yolimbana ndi Miami Heat, pamene m'masewero achisanu Dwyane Wade yekha anaponya ma free throw 25, chimodzimodzi timu yonse ya Dallas. Amatiuza kuti ndalama za zindapusazi zimapita ku ntchito zachifundo. Zabwino zimenezo, koma sizikuyankha funso lathu: wosewera akalankhula, dzina lake ndi ndalama yake zimalengezedwa tsiku lotsatira; nanga refu akalakwitsa, n'chiyani chimamuchitikira? Amati amawunikidwa, amati ena samapatsidwa masewero akuluakulu, koma kawirikawiri zonsezo zimathera m'kachipinda.

Timamva kuti ku America kuli ufulu wolankhula, ndipo ulikodi. Koma lamulo lotchuka lija la First Amendment limamanga manja a boma basi. NBA si boma, ndi bizinesi ya anthu olemera, ndipo wosewera, mphunzitsi ndi mwini timu aliyense anasainira malamulo opatsa mkulu wa ligi mphamvu zolanga wonyoza oimbira pagulu. Ndiye munthu yemwe angathe kudzudzula pulezidenti wa dziko lake pa wailesi osaopa apolisi, sangathe kunena kuti refu anakondera popanda kupisa m'thumba. Lamulo likuwalola kutero, sitikukana. Koma si zonse zololedwa zimene zili zanzeru.

Akamatiuza kuti tizingokhulupirira, amaiwala kuti ifenso tili ndi mitu yokumbukira. Tim Donaghy anaimbira mu NBA zaka 13. Mu 2007 anavomera kukhoti kuti ankapereka zinsinsi kwa anthu a juga, ndipo zinadziwika kuti ankabetcha pa masewero amene iye mwini ankaimbira. Mu 2008 anagamulidwa kukakhala kundende miyezi 15. Anamugwira ndani? Apolisi a FBI, pofufuza zigawenga zina. Ligi yokhala ndi makamera ponseponse ndi anthu olipidwa kuti aziwunika oimbira sinaone kanthu. David Stern, mkulu wa ligi nthawi imeneyo, anati Donaghy anali chigawenga choyenda chokha. Mwina n'zoona. Koma m'zaka zimene iye ankabetcha, amene ankadandaula za oimbira ankalipitsidwa, iye akulandira malipiro ake mwezi ndi mwezi.

Donaghy yemweyo anadzanena kudzera mwa loya wake kuti masewero achisanu ndi chimodzi a Lakers ndi Sacramento Kings mu 2002 anaimbidwa mokondera n'cholinga choti pakhale achisanu ndi chiwiri. NBA inakana, ndipo kafukufuku wa loya Lawrence Pedowitz, amene ligiyo inamulemba, sanapeze umboni wa chinyengo. Ifenso mawu a munthu ngati Donaghy sitingawamezere kumodzi. Koma amene anaonera masewerowo saiwala: m'chigawo chomaliza Lakers ma free throw 27, Kings 9, chigongono cha Kobe Bryant pamphuno pa Mike Bibby, magazi kutuluka, Kobe osaimbiridwa faulo. Ngakhale Ralph Nader, womenyera ufulu wa ogula, analembera Stern kalata yopempha kuti aunikenso. Masapota a Kings mpaka lero bala silinapole.

Tsono pali nkhani imodzi imene mabwana a ligi akanayenera kuiwerenga kawirikawiri. Mu 2007 akatswiri awiri a zachuma, Joseph Price ndi Justin Wolfers, atasanthula masewero a zaka zoposa khumi, anapeza kuti osewera ankaimbiridwa mafaulo ochulukirapo pang'ono pamene oimbira anali a khungu losiyana ndi lawo. Sananene kuti marefu amachita dala. Kukondera kotere munthu amakuchita osadziwa, m'kamphindi komwe ayenera kuganiza msanga. NBA inakalipa, inati kafukufukuyo ndi wolakwika. Nkhaniyo inatuluka mu New York Times, inakambidwa paliponse. Patapita zaka, awiriwo pamodzi ndi Devin Pope anabwereranso ku manambala, n'kupeza kuti m'zaka zotsatira phokoso lija kukonderako kunazimiririka. Chinachiza matendawo ndi kulankhula poyera. Akanakhala kuti Price ndi Wolfers ndi antchito a ligi, bwenzi atalipitsidwa n'kukhala chete, kukondera kukupitirira.

Tisanamizane, refu nayenso ndi munthu, ali ndi banja, ali ndi dzina loti aliteteze. Kunena kuti wina anaimba molakwika n'kosiyana ndi kunena kuti anagulidwa. Mu Januwale 2011, pa masewero a Minnesota Timberwolves ndi Houston Rockets, mtolankhani wa Associated Press, Jon Krawczynski, analemba pa Twitter kuti anamva woimbira Bill Spooner akuuza mphunzitsi wa Timberwolves, Kurt Rambis, kuti amubwezera faulo ina imene anaimba molakwika, ndipo kenaka anaimbira Rockets faulo yoipa kuposa yoyamba. Spooner anakana kuti sananene zimenezo, n'kukasuma kukhoti kuti amuipitsira mbiri, akufuna madola oposa 75,000. Kumapeto kwa chaka anagwirizana kunja kwa khoti: Associated Press inapereka madola 20,000 a ndalama zimene Spooner anawononga pa mlanduwo, ndipo uthengawo unafufutidwa. Spooner anali ndi ufulu wonse wotero. Mawu ochepa okhawo akanatha kumuchotsetsa ntchito, makamaka zaka zinayi chichitikireni za Donaghy. Njira imeneyo ndiyo timaiona kuti ndi yolongosoka: wanamiziridwa, pita kukhoti, winayo abweretse umboni wake, aliyense amvedwe. Ku America, kuchokera pa chigamulo cha 1964 pa mlandu wa New York Times ndi Sullivan ndi zina zotsatira, munthu wodziwika amayenera kuonetsa kuti wonenayo ankadziwa kuti ndi bodza kapena sanalabadire n'komwe choonadi. Khoti limafunsa ngati zonenedwazo zili zoona. Ofesi ya ligi sifunsa zimenezo. Rajaković anatchula manambala enieni, koma analipa.

Nkhani ya wosewera Rudy Gobert imatigawa ngakhale ifeyo tikamakambirana. Mu Malichi 2024 ku Cleveland, atatulutsidwa ndi faulo yachisanu ndi chimodzi, anapekesa zala ngati akuwerenga ndalama, akuloza kwa woimbira Scott Foster. Analipa madola 100,000. Ambiri a ife timati apa analakwa, chifukwa kunena munthu kuti wadya ndalama popanda umboni n'kumupha akuyenda. Koma zimene ananena pambuyo pake, kuti juga ikuwononga masewerowa, ndani angazitsutse? Khoti lalikulu la America litatsegula khomo la kubetcha mu 2018, NBA inathamangira kusaina mgwirizano ndi kampani ya juga ya MGM chaka chomwecho, kenaka DraftKings ndi FanDuel. Lero sungaonere masewero osaona otsatsa juga. Mu Epulo 2024 wosewera Jontay Porter anathamangitsidwa mu ligi moyo wake wonse pa nkhani ya kubetcha. Ligi ikudya nawo ndalama za juga ndi dzanja ili, dzanja linalo ikutseka pakamwa anthu ofunsa ngati wenzuloyo ili yoyera.

N'zotheka kuchita mwina, ndipo anachitapo. Mu Epulo 2007 woimbira Joey Crawford anatulutsa Tim Duncan m'masewero Duncanyo atakhala pa benchi akuseka. Stern anaimitsa Crawford ntchito poyera, n'kunena chifukwa chake. Ligi sinagwe. Ambiri a ife tinailemekeza kwambiri tsiku limenelo.

Choncho bambo Adam Silver, mkulu wa NBA, pempho lathu nali. Woimbira wamkulu azikhala pamaso pa atolankhani onse masewero akatha, monga amachitira aphunzitsi ndi osewera, osati kuyankha mtolankhani mmodzi mafunso awiri atatu basi. Lipoti lanu liziwunika masewero onse, mphindi 48. Refu akalangidwa, tiuzeni dzina ndi chilango, monga mumatiuzira za osewera. Wonena kuti munthu wagulidwa popanda umboni mulangeni ndithu, kapena akayankhe kukhoti. Koma wonena kuti refu waimba molakwika, pamene inu eni mudzavomereza zomwezo mawa, musiyireni ndalama zake.