Gemu ndagula ndi ndalama zanga, chilolezo ndipemphe kwa ndani?

Makampani opanga magemu akhala akutiuza kuti console yofuna intaneti nthawi zonse ndiye tsogolo, ndipo amene akudandaula ndi otsalira. Ine ndikana. Makina amene mwagula ndi ndalama zanu, ali pa tebulo m'nyumba mwanu, koma akukana kutsegula gemu mpaka atalankhula ndi seva ya kutsidya kwa nyanja, mwangobwereka chabe. Mwini wake ali kwina, ndipo tsiku limene wafuna angathe kukutsekerani.

Nkhaniyi si ya lero. Mu May 2013 Microsoft inaonetsa Xbox One, ndipo kumayambiriro kwa June inalengeza malamulo ake. Console inayenera kulumikizana ndi intaneti kamodzi pa maola 24 aliwonse. Mukalephera, magemu onse atseka, ngakhale gemu yosewera munthu mmodzi imene disiki yake ili m'kati mwa makina. Kupatsa mnzanu disiki kunali ndi malamulo akenso: akhale kuti wakhala pa mndandanda wa anzanu masiku 30, ndipo gemuyo iperekedwe kamodzi basi. Atafunsidwa za anthu opanda intaneti, Don Mattrick, amene anali mkulu wa Xbox, anayankha kuti oterowo ali ndi makina awo kale, Xbox 360. Mwachidule, wosauka akhale ndi zakale.

Sony inaona mpata. Pa chionetsero cha E3 inalengeza kuti PS4 sidzafuna zimenezo, ndipo inaika mtengo wa madola 399 pamene Xbox One inali pa 499. Inatulutsanso kavidiyo kachipongwe koonetsa mmene mungabwerekere mnzanu gemu: Shuhei Yoshida anangotambasula dzanja n'kupatsa Adam Boyes disiki, nkhani yatha. Phokoso la osewera linakula mpaka pa 19 June Microsoft inabweza malamulo aja, ndipo mu July Mattrick anachoka n'kupita ku Zynga.

Ambiri anaganiza kuti nkhondo yatha. Koma chimene chinakanidwa pakhomo chinalowera pawindo. M'malo moika lamulo pa console yonse, manje amaliika mu gemu imodzi imodzi, ndiponso m'zinthu zing'onozing'ono zimene simuziona pogula. Xbox yatsopano imafuna intaneti kuti muikonze tsiku loyamba. Pa PS5 ya mtundu wochepa thupi imene inatuluka mu 2023, chipangizo cha disiki chochotseka chimafuna intaneti kuti chigwirizane ndi console. PS5 Pro ya 2024 inabwera pa madola 699 ilibe n'komwe poika disiki. Mu March 2022, Gran Turismo 7 inakhala maola oposa 30 mbali yake yaikulu isakugwira nchito chifukwa maseva anali otseka, ngakhale kwa munthu wofuna kuthamangitsa motoka yekha.

Choopsa kwambiri chinachitika ndi The Crew, gemu ya mamotoka ya Ubisoft ya mu 2014. Inkafuna seva nthawi zonse. Kampaniyo inasiya kuigulitsa mu December 2023, ndipo kumapeto kwa March 2024 inatseka maseva. Kuchokera pamenepo aliyense amene anaigula, kaya pa disiki kaya pa intaneti, anatsala ndi chinthu chakufa. Disiki ilipo, yopanda kakanda n'komwe, koma nchito yake ndi kuikapo kapu ya tiyi. Mkwiyo wa nkhaniyi ndi umene unabala gulu la Stop Killing Games, loyambitsidwa ndi Ross Scott, limene pempho lake ku European Union linapitirira masiginecha 1 miliyoni mu July 2025.

Ngati a ku Ulaya, amene intaneti yawo imayenda ngati madzi a pampopi, akulira chonchi, nanga ise? Kuno ambiri timagula bundle ya MTN, Airtel kapena Zamtel, ndipo timawerenga GB iliyonse. Magemu ena ngati Call of Duty amapitirira 100 GB. Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, ZESCO inafika pozimitsa malaiti maola ochuluka a tsiku, moti madera ena ankaona malaiti maola atatu chabe. Malaiti akapita nthawi yaitali, netiweki nayo imayamba kuvuta. Tsono taganizani: malaiti abwera usiku, mwayatsa console, koma gemu ikukana kutseguka mpaka mudawunilode update. Maola atatu aja athera poyang'ana kamzere koyenda pa TV.

Ndipo musaiwale tumashopu twa magemu m'makomboni, kumene anyamata amalipira makwacha ochepa kuti amenye mechi imodzi ya FIFA, imene tsopano ikutchedwa EA Sports FC. Kwa mwini shopu, console ndi chakudya cha ana ake. Bizinesi yake imayenda chifukwa disiki imodzi ikhoza kusewera zaka, ikhoza kusinthanitsidwa, ikhoza kugulitsidwa kwa wina. Ambiri a ife console yoyamba tinaipeza yogwiritsidwa kale nchito, ndi magemu obwerekana. Lamulo la intaneti nthawi zonse limapha msika wonsewo.

Chinanso chowawa n'chakuti Zambia palibe pa mndandanda wa mayiko amene PlayStation Network imavomereza. Ndiye chifukwa chake ambiri amatsegula akaunti ndi adilesi ya ku South Africa, ku UK kapena ku America. Kuopsa kwake kunaoneka mu May 2024, pamene Sony inalamula kuti osewera Helldivers 2 pa kompyuta alumikize akaunti ya PSN, ndipo gemuyo inachotsedwa pa Steam m'mayiko oposa 170. Sony inabweza lamulolo patapita masiku ochepa anthu atakwiya. Koma uthenga tinaumva: akutiuza kuti tizikhala olumikizidwa ku seva imene siidziwa n'komwe kuti dziko lathu lilipo.

Makampani ali ndi zifukwa zawo, ndipo tizimve. Akuti akulimbana ndi akuba magemu. Kuba kulipodi, koma onani amene amalangidwa. Wakuba amachotsa loko uja n'kumasewera mwamtendere, pamene wolipira ndiye amakhala panja seva ikagwa. Zinachitika ndi Diablo III mu May 2012, pamene ogula anakumana ndi Error 37 m'malo mwa gemu, ndipo zinachitikanso ndi SimCity mu March 2013. EA inkanena kuti SimCity imadalira maseva, koma patapita chaka inatulutsa njira yoisewera popanda intaneti. Zinali zotheka.

Akutinso magemu a masiku ano ndi osewera ndi anthu ena. Palibe akutsutsa. Kuti mumenye Fortnite ndi mnzanu wa ku Ndola, intaneti ikufunika, ndipo palibe amene akupempha zozizwitsa. Funso lathu ndi la gemu imene mukusewera nokha, kapena awiri pa mpando umodzi. Seva ikufunika chiyani pamenepo? Ndipo maseva amagwa. Mu April 2011 PSN inatseka masiku 23 atabera zinsinsi za maakaunti pafupifupi 77 miliyoni. Mu February 2025 inagwanso pafupifupi tsiku lathunthu.

Ngakhale ku California anaona kuti pali chinyengo. Mu 2024 anakhazikitsa lamulo lokakamiza masitolo a pa intaneti kuti aziuza wogula poyera ngati chimene akulipira ndi laisensi chabe. Ngati pakufunika lamulo kuti mawu akuti "gula" atanthauze zoona, ndiye kuti mawuwo anali atabedwa kale.

Anzanga, ndalama zathu zimabwera movuta, tisaziponye m'madzi. Musanagule gemu, werengani kumbuyo kwa bokosi ngati palembedwa kuti ikufuna intaneti. Funsani wogulitsa aiyatse netiweki ili yozima, muone ndi maso anu. Ngati mungakwanitse, sankhani console yokhala ndi poika disiki. Ndipo kampani ikabwera ndi lamulo lopusa, lankhulani pa Facebook, pa X, paliponse. Mu 2013 Microsoft inasintha maganizo pasanathe milungu iwiri, chifukwa ogula anakana.